Ngolo ili mumtsinje ija yandiliritsa, ndithandizeni kumvetsa

Nangozo wa ku Luton:
Abale anga pagulu pano, pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Ndinapita ku London kukaperekeza alamu anga, ndiye pobwerera mvula inandipeza pa Trafalgar Square. Ndinathawira mu National Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi, poti kulowa ndi kwaulere. Zaka zonse ndakhala kunozi ndinali ndisanapondemo phazi.

Ndikuyendayenda choncho ndinangopezeka ndaima pa chithunzi china chachikulu, The Hay Wain, cha John Constable, cha 1821. Ngolo yopanda katundu ili pakati pa madzi osaya, mahatchi ake ali ndi tinsalu tofiira pamsana, kagalu kaima m'mphepete kakuyang'ana ngoloyo. Kumanzere kuli kanyumba kofuka utsi. Kumwamba kuli mitambo ija yoti sungadziwe ngati ivumba kapena ingodutsa, yomwe amayi akaiona amayamba kuyang'ana ufa uli pamphasa. Ndinakhala pansi, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Ndinaona ngolo ya malume anga ikuwoloka kamtsinje ka kwathu ku Ntcheu, ng'ombe zitaima kuti zimwe.

Mafunso anga ndi awiri. Amati zithunzi zimenezi ndi za mtundu wa Romantic, koma ine sindinaonemo za chibwenzi ayi. Ndiye dzinali likuchokera pati? Chachiwiri, zimatheka bwanji kuti dziko la eni, lojambulidwa zaka 200 zapitazo, lindikumbutse kwathu chonchi?

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
Mwanawe, zikomo potibweretsera nkhani yabwino. Mawu akuti Romantic pa nkhani ya luso sanena za mwamuna ndi mkazi. Ndi dzina la kaganizidwe komwe kanafala ku Ulaya kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka cha m'ma 1850. Anthu ake ankati zomwe mtima ukumva zili ndi ulemu wofanana ndi zomwe mutu ukuwerengera. Nthawi imeneyo isanafike, chithunzi cholemekezeka chinali cha mafumu, nkhondo, kapena nkhani za m'Baibulo. Mitengo ndi mitsinje zinali zongodzazira kumbuyo. Awa anabwera n'kunena kuti dambo, mtambo, nkhungu, nazonso zingathe kunyamula chisoni, mantha ndi pemphero la munthu.

Funso lako lachiwiri yankho lake lili m'moyo wa mwini chithunzi. Constable anabadwa mu 1776 ku East Bergholt, m'dera la Suffolk. Bambo ake anali ndi zigayo zoyendera madzi pa mtsinje wa Stour, china pa Flatford pomwepo. Kanyumba kofuka utsiko kanali ka mlimi wina woyandikana nawo, Willy Lott. Koma chithunzicho sanachijambulire pamtsinjepo. Anachijambulira m'nyumba ku London, akuyang'ana tizithunzi tomwe anajambula kale ali kwawo. Ndiye iwe wapaulendo unaima pamaso pa ntchito ya wapaulendo mnzako amene ankasowa kwawo. Mitima yotere imadziwana.

Nangozo wa ku Luton:
Aphunzitsi, mwandimasula. Ndimaganiza kuti anakhala pamwala m'mbali mwa madzi n'kumajambula zomwe akuona.

Wa Burashi, Ndirande:
Achemwali, ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za magolosale ndi masaluni, koma usiku ndimajambula ndi penti wa mafuta. Chithunzi chimenechi ndimangochionera pa foni, ndiye inu amene muli nacho pafupi ndikupemphani chinthu chimodzi. Mukapitanso, mukayambe mwaima patali, kenako mukasendere mpaka pomwe alonda amalola. Mukayang'ane pamadzi ndi pamasamba. Mukaona timadontho toyera tomwe anawaza kuti zinthu zizinyezimira ngati zanyowa. Anthu a nthawi yake ankatinyoza, ankati ndi sinowo wa Constable. Kwa ine ndi pamene pali moyo wonse wa chithunzi.

Penti wa mafuta ndi ufa wa utoto wosakaniza ndi mafuta a linseed. Sauma msanga, amatenga masiku, pokhuthala ngakhale miyezi. Ubwino wake ndi womwewo. Umatha kupaka mtambo lero, mawa n'kuukankha ndi chala kuti ufewe m'mphepete. Umathanso kudikira kuti pouma upake kagawo kena kopyapyala ngati madzi a tiyi, kuwala n'kumalowa mpaka pansi n'kubwereranso. N'chifukwa chake mthunzi wa pansi pa mtengo m'zithunzi zimenezi sukhala wakuda bii, umakhala ndi kuya ngati dziwe. Pena umaunjika penti ndi kampeni mpaka atatumphuka, ndipo pamenepo kuwala kwa m'chipinda kumagunda n'kupanga mthunzi weniweni. Foni imaphwatalitsa zonsezi.

Ndipo kumbukirani kuti timachubu ta penti tinabwera mu 1841, Constable atamwalira kale mu 1837. Iye penti ankanyamulira m'zikhodzodzo za nkhumba, n'kuboola kuti afinye. Ndi zimenezo ankakwera nazo ku Hampstead mu 1821 ndi 1822 kukajambula mitambo yokhayokha, kumbuyo kwa pepala n'kulemba tsiku, nthawi ndi kumene mphepo ikuchokera. Ine ndikamavutika kupeza chubu chimodzi cha penti woyera kuno, ndimalimba mtima ndikaganiza zimenezi.

Mbewe wa ku Joni:
Pepani akuluakulu, ndilowererepo ndi mawu owawa pang'ono. Chithunzicho n'chokongola, sindikukana. Koma Constable anali mwana wa bwana. Anthu amene ankamweta udzu wodyetsa ziweto umene ngoloyo ikupita kukatenga ali kuti? Ali kutali uko, timadontho tating'ono kumapeto kwa dambo. Chaka chotsatira, mu 1822, alimi aganyu a ku Suffolk ndi Norfolk komweko ankaphwanya makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya zokolola chifukwa cha njala ndi kusowa kwa ntchito. M'chithunzi mulibe ndi fungo lomwe la zimenezo.

Ine ndinakulira ku Thyolo. Ndimadziwa makalendala aja a minda ya tiyi, yobiriwira ngati kapeti, Mulanje ali kumbuyo, othyola tiyi akuoneka ngati timaluwa tofiira ndi tachikasu. Amayi anga anali mmodzi wa timaluwa timeneto. Msana wawo unapindika ndi dengu. Ndiye ndikaona dziko lokongoletsedwa, ndimayamba ndafunsa kuti wojambulayo waima pakhonde la ndani.

Nangozo wa ku Luton:
Achimwene, mawu anu andilasa, ndipo sindikuwakana. Nanenso ndikakumbuka ngolo ya malume sindikumbuka kuti chaka china ng'ombe zija tinagulitsa chifukwa cha njala. Mtima umasankha zokumbuka. Koma misozi ija inali yeniyeni, sindingaibweze.

Mbewe wa ku Joni:
Ayi achemwali, musaibweze. Ndimangofuna kuti mukakayang'ananso, mukawafunefune anthu omweta udzu aja.

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
A Mbewe anena zoona, ndipo akatswiri a mbiri ya zojambula a ku Britain komweko akhala akukangana pa mfundo yomweyi. Ndingowonjezera kuti moyo wa Constable sunali wa nsima ya nyama tsiku lililonse. Chithunzi chimenechi atachionetsa ku Royal Academy, bungwe la akatswiri a zojambula la ku London, mu 1821 palibe anachigula. Anachikonda ndi Afalansa, chitaonetsedwa ku Paris mu 1824, mpaka mfumu yawo Charles X inamupatsa mendulo ya golide. Kwawo anamulandira ngati membala wathunthu wa Academy mu 1829, ali ndi zaka 52, mkazi wake Maria atangomwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1828 n'kumusiyira ana asanu ndi awiri. Kayang'aneni Hadleigh Castle, cha 1829. Bwinja la linga, thambo long'ambika, mbalame zikuzungulira. Si munthu yemwe uja wa ngolo ya masana. Maliro alowa mu burashi.

Ndipo si onse amene ankabisa zowawa. Turner, wojambula wina wa ku England wa nthawi yomweyo, mu 1840 anaonetsa The Slave Ship, chomwe tsopano chili ku Boston. Dzuwa likulowa lofiira ngati magazi, nyanja yawinduka, ndipo m'madzimo mukuoneka manja ndi mwendo wa munthu uli mu unyolo, nsomba zikuunjikana. Anthu amachigwirizanitsa ndi nkhani ya sitima ya Zong ya mu 1781, pamene Aafirika oposa 130 anaponyedwa m'nyanja amoyo kuti eni sitima akalandire ndalama za inshuwalansi. Zaka za m'ma 1840 zomwezo ndi pamene Jumbe ankakhazikika ku Nkhotakota, anthu athu n'kumawolotsedwa nyanja. Ine chithunzi chimenechi sinditha kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Mbewe wa ku Joni:
Chimenecho ndimachilemekeza, aphunzitsi. Komabe tisaiwale kuti Turner yemweyo mu 1805 anaikapo ndalama zake pa munda wina wa ku Jamaica womwe unkadalira akapolo. Mwina pokalamba chikumbumtima chinamugwira. Zonse ziwiri zikhale pa mbale imodzi.

Mwana wa Likoma:
Poti Turner watchulidwa, mundilole. Ine Constable ndimamulemekeza koma mtima wanga uli kwa Turner, chifukwa ndine mwana wa m'madzi. Anabadwa mu 1775 mu London, bambo ake anali ometa tsitsi, ndipo anakulira pafupi ndi mtsinje wa Thames akuona mabwato.

A Nangozo, m'nyumba yomwe munathawira mvulayo muli The Fighting Temeraire, chomwe anachionetsa mu 1839. Muli nacho kale m'chikwama ngati muli ndi ndalama ya mapaundi 20, chili kumbuyo kwake pamodzi ndi nkhope ya Turner. Temeraire inali sitima ya nkhondo ya mizinga 98, inamenya nawo nkhondo ya panyanja pa Trafalgar mu 1805. Mu 1838 inakokedwa kupita ku Rotherhithe kuti akaiphwasule matabwa. Turner anaijambula yotuwa ngati mzukwa, yaitali, yachete, ikukokedwa ndi kasitima kakuda ka nthunzi kolavula moto, dzuwa likulowa mbali inayo. Zenizeni zake milongoti inali itachotsedwa kale tsiku limenelo, koma iye anaibwezera. Ankafuna kuti gogoyo apite kumanda atavala bwino. Ndipo anakana kuchigulitsa mpaka imfa yake mu 1851.

Ndikachiona ndimaganiza za Ilala. Yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Inanditengera ku sukulu, inabweretsa bokosi la agogo anga. Tsiku lomwe idzakokedwe komaliza ku Monkey Bay, ndikufuna padzapezeke munthu wa burashi woti adzaiveke ulemu woterewu.

Chinanso ndi Snow Storm, cha 1842, chili ku Tate, nyumba ina ya zithunzi ku London. Poyamba umangoona chipwirikiti cha penti wotuwa ndi wakuda akuzungulira. Kenako umazindikira kasitima pakati. Amene anagwidwapo ndi mwera pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay sangafunse kuti n'chiyani. Kumwamba ndi madzi zimasanduka chinthu chimodzi, sudziwa kuti pansi ndi kuti, m'mimba mumatembenuka. Iye ankanena kuti amalinyero anamumangirira ku mlongoti maola anayi kuti aone namondweyo. Akatswiri ambiri amakayikira nkhaniyo. Koma kaya anamangidwa kaya sanamangidwe, mafunde amenewo anawadziwa ndi thupi lake.

Wa Burashi, Ndirande:
A Likoma, mwandikumbutsa nkhani yomwe ndimaikonda. Mu 1832 zithunzi za awiriwa zinapachikidwa moyandikana ku Royal Academy. Cha Constable chinali cha kutsegulidwa kwa mlatho wa Waterloo, chodzaza zofiira ndi zagolide, atalimbana nacho zaka zoposa khumi. Cha Turner chinali cha nyanja, chotuwa, chozizira. Masiku omalizitsa chionetsero chisanatsegulidwe, Turner analowa, n'kuyang'ana, n'kudontheza kadontho kamodzi kofiira panyanja yake, n'kutuluka osalankhula. Pambuyo pake anakakonza kuti kakhale chizindikiro choyandama cha amalinyero. Constable ataona anati munthu uja wabwera muno n'kuwomba mfuti. Ndimaphunzitsa anyamata anga ndi nkhani imeneyi: chofiira chochepa pamalo oyenera chimaposa chidebe chonse.

Vuto la Turner n'loti sankasamala za mawa. Ankagwiritsa ntchito mitundu ina yofiira yomwe imafwifwa, ndiye zina zomwe tikuona lero zatha mphamvu poyerekeza ndi mmene zinalili.

Nachisale ku Hamburg:
Ndawerenga zonse ndili m'sitima, ndipo ndikuona kuti Angerezi atenga bwalo lonse. Mundipatseko mpata ndinene za Mjeremani, Caspar David Friedrich. Anabadwa mu 1774 ku Greifswald, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, n'kumwalira mu 1840 ku Dresden ali wosauka ndi woiwalika.

Kuno ku Kunsthalle, nyumba ya zithunzi ya ku Hamburg, kuli chithunzi chake chodziwika kwambiri, cha munthu woima pamwamba pa thanthwe, watifulatira, ndodo ili m'manja, pansi pake nkhungu yadzaza ngati nyanja, nsonga za mapiri zikungotumphuka. Ndi cha m'ma 1818. Nditachiona koyamba ndinadabwa kuti n'chaching'ono, kutalika kwake sikufika ndi mita imodzi. Ndipo amisiri a ku Ndirande, apa mungadabwe: palibe penti wotumphuka. N'chosalala, chopakidwa mopyapyala ndi kaburashi kakang'ono, ngati wojambulayo sakufuna kuti dzanja lake lioneke. Constable amakupatsa mphepo pakhungu, Turner amakuzunguza mutu, koma uyu amakutontholetsa ngati walowa m'tchalitchi anthu asanabwere.

Nkhope ya munthuyo suiona, ndiye umangopezeka walowa m'malaya ake. Ndinakwerapo Mulanje tili ku sekondale, tinagona m'kanyumba ka pamwamba, m'mawa chiperoni chitadzaza zigwa zonse, dziko lonse la anthu litasowa pansi pathu. Aliyense anasiya kulankhula popanda womuuza. Sindinkadziwa kuti chete ameneyo angathe kujambulidwa.

Koma chomwe chimandigwira kwambiri chili ku Berlin, ku Alte Nationalgalerie: mmonke ali yekha m'mbali mwa nyanja, chomwe chinaonetsedwa mu 1810. Kamchenga pansi, kamzere ka madzi akuda, kenako thambo lokhalokha lotenga pafupifupi chinsalu chonse. Munthuyo ndi wamng'ono ngati njere. Ataunika chithunzicho ndi makina, anapeza kuti poyamba anajambulamo zombo panyanjapo, kenako anazifufuta. Anachotsa chilichonse chomwe diso likanagwira kuti lipume. Friedrich ali ndi zaka 13, mng'ono wake anamira m'madzi oundana iye akuona, ndipo anthu ambiri amati mwanayo ankayesa kupulumutsa Caspar yemweyo. Ndikadziwa zimenezo, thambo lija limandilemera kwambiri.

A Nangozo, simufunika kubwera kuno kuti mumuone. National Gallery ili ndi kachithunzi kake kamodzi, Winter Landscape. Mukakafunse.

Wa ku Chipata:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Ine ndibweretse nkhaniyi kufupi ndi kwathu, chifukwa kajambulidwe aka kanafika pa Zambezi. Thomas Baines, wa ku King's Lynn, anali wojambula komanso wosunga katundu pa ulendo wa Livingstone wa mu 1858. Anajambula Tete ndi mtsinjewo ndi penti wa mafuta. Livingstone anamuchotsa ntchito mu 1859 pomuganizira kuti waba katundu, mlandu womwe Baines anaukana mpaka kumwalira kwake ku Durban mu 1875. Mu 1862 anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndi mnzake James Chapman n'kujambula mathithiwo, utawaleza, nthunzi, njati zili m'mphepete mwa phompho.

Zithunzi zake n'zokoma m'maso, ndipo zimatisungira maonekedwe a malo amenewo mlatho ndi mahotela zisanabwere. Koma ndikaganiza za munthu wa a Nachisale woima pathanthwe uja, ndimafunsa funso la a Mbewe. Kwa Friedrich munthuyo waima kuti adzichepetse pamaso pa Mlengi. Pa Zambezi, mlendo woima pamwamba n'kumayang'ana dziko lonse pansi pake ankabwera ndi mapu ndi mfuti, ndipo amene anabwera pambuyo pake anatenga dzikolo. Kaimidwe n'kamodzi, koma m'mitima muli zosiyana.

Nachisale ku Hamburg:
Zoona, bambo. Ngakhale kuno Friedrich anavutika ndi zimenezo atamwalira kale. A chipani cha Nazi anamutenga ngati wawo, n'kumati zithunzi zake zikuonetsa mzimu wa mtundu wawo, moti nkhondo itatha panapita zaka anthu akumuyang'ana mokayika. Iye anali atagona m'manda pafupifupi zaka 100 zimenezo zisanachitike.

Wa Burashi, Ndirande:
N'chifukwa chake ine ndimati tiphunzire dzanja lawo, koma tiime pamalo athu. Alendo akabwera amafuna chithunzi cha mlambe, dzuwa likulowa, mayi wasenza mtsuko. Ndajambula zoterozo zosawerengeka chifukwa ndi zomwe zimagulidwa. Koma chithunzi chomwe chili pamtima panga ndi phiri la Ndirande mmene lilili lero, lometedwa mitengo, mvula ya Januwale ikubwera kuchokera ku Chiradzulu, malata akuyamba kuchita mdima mmodzimmodzi. Ndayamba kuchita za Constable zija. Madzulo alionse ndimajambula mtambo umodzi pa katoni yopaka penti woyera, kumbuyo n'kulemba tsiku ndi mphepo. Ndafika pa makatoni 14.

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
Amisiri, musasiye. Mukadzafika ku Zomba mudzabwere nawo makatoniwo ndidzawaone ndi maso.

Nangozo wa ku Luton:
Abale, ndabwerako. Lachitatu ndinali pa ofu, ndiye ndinapita m'mawa anthu asanachuluke, ndipo ndinakhalamo maola atatu.

Amisiri, ndachita monga munanenera. Patali madzi ndi madzi. Pafupi ndi timikwingwirima ta bulawuni, tobiriwira, ndi timadontho toyera tija, tina totumphuka ngati njere za mchere. Ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pomwe penti anasandukanso madzi, ndipo ndinachita zimenezo kangapo. Pafupi ndi kagalu pali ngati chithunzithunzi cha chinthu chomwe anachifufuta, ndipo mayi wina wogwira ntchito mmenemo anandiuza kuti poyamba panali munthu wokwera hatchi. Ndinaonanso mayi wogwada pamadzi pafupi ndi kanyumba, amene Loweruka sindinamuone n'komwe.

A Mbewe, ndawapeza. Ali kumanja, kutali, m'kuwala kwa dzuwa, malaya oyera, ena awerama. Ndi aang'ono zedi moti chala changa chikanawaphimba onse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za amayi anu.

Temeraire ndaiona, a Likoma, ndipo dzuwa lija penti wake ndi wokhuthala ngati phala la mgaiwa. Pafupi pake pali china cha Turner cha 1844, sitima ya pamtunda ikuwoloka mlatho mumvula, ndipo kutsogolo kwake panjanji kuli kakalulu kakuthawa. Ndinakafuna mpaka maso kuwawa, koma ndinakapeza. Kachithunzi ka Friedrich nako ndakaona, kakang'ono ngati thireyi ya tiyi. Munthu wataya ndodo zake zoyendera mu sinowo, watsamira mwala, akupemphera pamaso pa mtanda uli pakati pa mitengo, kumbuyo tchalitchi chikuoneka mu nkhungu. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndodo zoterozo ndimazitola pansi tsiku lililonse. Pamenepo sindinalire, ndinangokhala duu.

Mayi uja anandiuzanso kuti kanyumba ka Willy Lott kakadalipo ku Flatford, a National Trust, bungwe losunga malo akale, amakasamalira. Akuti umakwera sitima pa Liverpool Street, kutsika pa Manningtree, kenako n'kuyenda wapansi kudutsa m'madambo. Ndikufuna ndipite mwezi wa Juni udzu ukamamwetedwa. Alipo wa kuno amene angandiperekeze?

Mwana wa Likoma:
Mng'ono wanga ali ku Colchester, ndi pafupi kwambiri ndi kumeneko. Ndimuuza akulembereni.

Mbewe wa ku Joni:
Zikomo achemwali powafunafuna. Mukakafika, mukawoloke mukaime kudambo komwe ankamweta udzuko, mukatijambulire kanyumbako kuchokera mbali imeneyo. Ndikufuna ndione zomwe iwo ankaona akaweramuka.

Wa Burashi, Ndirande:
Ndipo mukajambulenso kumwamba, achemwali, mitambo yokha, n'kulemba nthawi yake. Ine tsiku lomwelo ndidzajambula wa kuno, tidzaiike pamodzi pagulu pano.